Kuunika Windows App SDK pa ntchito yotumiza zidziwitso kuchokera mu keyboard hook

Windows App SDK ndi gulu la zida zimene kampani ya Microsoft imapereka kwaulere kwa anthu olemba mapulogalamu oyenda pa Windows. Ntchitoyi inalengezedwa m'chaka cha 2020 ndi dzina lakuti Project Reunion, ndipo mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu Novembala 2021. M'gululi muli zinthu zambiri, koma ine ndikuunika mbali imodzi yokha, AppNotificationManager, imene ntchito yake ndi kutumiza timauthenga tija timatulukira pakona ya kumunsi chakumanja kwa sikirini, timene olemba mapulogalamu amatitcha toast. Kudina batani n'kuona uthenga ukutuluka ndi chinthu chimene chida chilichonse chimatha, choncho ine ndachiyesa pamalo povuta, pamene chinthu chofunika kudziwitsacho chachitikira m'kati mwa callback (kachigawo ka khodi yathu kamene Windows imakaitana yokha chinthu china chikachitika) ya pansi penipeni pa Windows, makamaka keyboard hook, njira yomvetsera mabatani a kiyibodi asanafike kumene akupita.

Ntchito imene inandipatsa mpata woyesa chidachi inali ya shopu ina yogulitsa zakudya ndi zodzola mopikulitsa ku Old Town, chakufupi ndi msewu wa Malangalanga. Eni ake ali ndi pulogalamu yogulitsira imene anagula kalekale, ndipo khodi yake palibe amene ali nayo kuno ku Lilongwe. Mayi a shopuyo anandiuza momveka bwino kuti, "Achimwene, ndikufuna kompyuta izitichenjeza katundu akatsala pang'ono kutha kapena masiku ake akayandikira, koma pulogalamu yathuyi musaikhudze, chifukwa mabuku athu onse ali m'menemo." Njira imene inatsala inali yolemba kapulogalamu kena kapambali, komvetsera zimene sikana yawerenga, kuyerekeza ndi mndandanda wa katundu, kenako kutulutsa chenjezo. Masikana ambiri a USB amadzionetsa kwa kompyuta ngati kiyibodi, moti akawerenga barcode ya mtundu wa EAN-13 amalemba manambala 13 mothamanga kwambiri n'kumalizira ndi Enter, ndipo manambalawo amalowa mu windo limene lili patsogolo nthawi imeneyo. Pulogalamu yapambali imene ikufuna kuwamva manambalawo popanda kulanda malo a pulogalamu yogulitsira iyenera kuima pakati pa kiyibodi ndi mawindo onse.

Windows imalola zimenezi kudzera mu SetWindowsHookEx. Munthu akaitana function imeneyi ndi mtundu wa WH_KEYBOARD_LL, amapereka callback yake, ndipo batani lililonse likadinidwa kapena kusiyidwa pakompyuta yonse, Windows imayamba yaitana callback imeneyo batanilo lisanafike kumene limapita. Callback imalandira KBDLLHOOKSTRUCT, momwe muli nambala ya batani, nthawi imene linadinidwa, ndi chizindikiro chosonyeza ngati batanilo ladinidwa ndi pulogalamu ina osati ndi chala cha munthu. Ikamaliza, imaitana CallNextHookEx kuti hook yotsatira ilandirenso. Chofunika kuchimvetsa bwino n'chakuti callback imeneyi imayenda m'kati mwa thread (kanjira kamodzi ka ntchito m'kati mwa pulogalamu) yomwe inaika hook, ndiye thread imeneyo iyenera kukhala ndi message loop, khodi yolandira mauthenga a Windows, yozungulira nthawi zonse, ndipo pamene callback ikugwira ntchito, batani la munthu limakhala litaimitsidwa panjira kudikira yankho.

Windows siidikira mpaka kalekale. Muli nambala ina mu registry (nkhokwe ya makonzedwe a Windows), LowLevelHooksTimeout, pansi pa HKEY_CURRENT_USER\Control Panel\Desktop, imene imaika malire a mamilisekondi amene callback ingatenge, ndipo kuyambira pa Windows 10 ya mtundu wa 1709 malire amenewa sangapitirire mamilisekondi 1000 ngakhale munthu atalembamo nambala yaikulu motani. Chowawa kwambiri n'chakuti kuyambira pa Windows 7, hook yochedwa imachotsedwa mwakachetechete, ndipo malangizo a Microsoft amavomereza okha kuti pulogalamu ilibe njira yodziwira kuti hook yake yachotsedwa. Pulogalamuyo imaoneka yamoyo, kachizindikiro kake kamakhalabe pafupi ndi wotchi, koma siimvanso kanthu. Callback yochedwa ili ngati kondakitala wa minibasi ya ku Area 25 amene waima pakhomo n'kumawerengera munthu mmodzi chenji pamene anthu onse ofuna kukwera aunjikana kumbuyo kwake.

Funso loyamba la kuunikaku linali lakuti, kodi AppNotificationManager ingaitanidwe mwachindunji m'kati mwa callback yotere? Ndinayesa dala kuika Show, function yake yotumizira uthenga, m'menemo kuti ndione mmene ikhalire. Pa laputopu yamphamvu yokhala ndi SSD zinthu zinaoneka ngati zili bwino, ndipo apa m'pamene munthu angapusitsike, chifukwa uthenga unatuluka ndipo kiyibodi sinaonetse vuto. Pa kompyuta ya pakauntala, yakale ndiponso yokhala ndi hard disk yozungulira, manambala a sikana anayamba kulowa modukizadukiza, makamaka pa uthenga woyamba pulogalamu ikangoyatsidwa. Chifukwa chake si chachilendo. Show siijambula uthenga yokha. Imatenga XML ya uthengawo n'kuitumiza kudzera mu COM, njira imene mapulogalamu a Windows amaitanirana, kupita ku process (pulogalamu yoyenda payokha) ina ya Windows yoyang'anira zidziwitso, ndipo ulendo umenewo nthawi yake siidziwika: lero ungakhale waufupi, mawa ungatalike chifukwa antivirus ikufufuza mafayilo kapena Windows Update ikukokera zake. Palinso vuto lina la COM lotchedwa RPC_E_CANTCALLOUT_ININPUTSYNCCALL, la nambala 0x8001010D, limene limabwera pamene thread ya mtundu wa STA, imene mu COM imalandira ntchito imodziimodzi, ikuyesa kuitana process ina ili m'kati moyankha uthenga umene woutumiza akudikira yankho lake. Zonsezi zikuloza kumodzi, kuti callback ya hook si malo otumizirapo toast. Sindikuwerengera chidachi mlandu pa mfundo imeneyi, popeza malangizo a LowLevelKeyboardProc amanena poyera kuti hook iikidwe pa thread yakeyake imene izipereka ntchito kwa thread ina n'kubwerera nthawi yomweyo. Komabe malangizo amenewa ali patsamba la hook, ndipo zitsanzo za AppNotificationManager zimaonetsa kutumiza uthenga mosavuta ngati kuti malo alionse ndi oyenera, choncho wophunzira amene wawerenga mbali imodzi yokha angathe kulumikiza ziwirizi molakwika.

Mmene ndinamangira pulogalamu ya shopuyo ndi motere. Hook ili ndi thread yake imene sichita china chilichonse. Callback imatenga nambala ya batani ndi nthawi yake, n'kuziika m'kamzere kakang'ono ka mu memory, ndipo ikaona Enter imaitana PostMessage kupita ku windo losaoneka lopangidwa ndi HWND_MESSAGE, pogwiritsa ntchito nambala ya uthenga yochokera m'chigawo cha WM_APP, chimene chimayambira pa 0x8000 kulekeza 0xBFFF ndipo chinasungidwira mapulogalamu a anthu. PostMessage imaponya uthenga mumzere n'kubwerera, pamene SendMessage imaima kudikira kuti wolandira amalize, ndiye munthu akagwiritsa ntchito SendMessage pano wangosamutsa vuto lomwe lija kuliika pakhomo lina. PostThreadMessage nayonso ndinaipewa, chifukwa mauthenga ake amatha kutayika pamene thread yolandira ili m'kati moonetsa bokosi la mafunso kapena munthu akukoka windo, popeza alibe windo lowalandira. Mzere wa PostMessage umatha kusunga mauthenga 10,000, malire amene kauntala ya shopu siingawafike, koma yankho la function imeneyi liyenera kuyang'anidwabe. Chinthu china chofunika kusamala ndi pointer ya KBDLLHOOKSTRUCT, imene imagwira ntchito pokhapokha callback ili m'kati; woitumiza ku thread ina m'malo mokopera zimene zili m'kati mwake adzawerenga zinyalala. Olemba ndi C# ali ndi msampha wawo wapadera, chifukwa delegate imene apereka kwa SetWindowsHookEx iyenera kusungidwa mu field yokhalitsa, kupanda kutero garbage collector imaichotsa ndipo pulogalamu imagwa pa batani lotsatira.

Ntchito yonse yolemera, yofufuza katundu mu database, kuwerengera masiku otsala ndi kupanga uthenga, imachitikira mbali ina ya mzerewo. Tikafika pamenepa m'pamene ubwino wa Windows App SDK umaonekera, ndipo ndikunena mosabisa kuti ndinakhutira nawo.

Amene analembako toast pa Windows 8, imene inabweretsa mauthengawa mu 2012, amakumbukira kuti pulogalamu ya pa desktop inkafunika kukhala ndi shortcut mu Start menu yokhala ndi AppUserModelID, ndipo pa Windows 10, kuti mabatani a pa uthenga agwire ntchito, pankafunika kulembetsa COM server ndi manja. AppNotificationManager inachotsa mtolo umenewu. Pulogalamu yosaikidwa mu phukusi la MSIX, njira ya Microsoft yolongedzera ndi kuikira mapulogalamu, imangolumikiza function yake ku NotificationInvoked, kenako n'kuitana Register, ndipo kulembetsa konse kumachitika kokha. Dongosolo la ziwirizi ndi lofunika, kulumikiza kuyambe kenako Register, ndipo pulogalamu ikamatseka iyenera kuitana Unregister. AppNotificationBuilder, imene inabwera ndi mtundu wa 1.2 chakumapeto kwa 2022, imalola kupanga uthenga popanda kulemba XML ndi manja, zimene zimathandiza kwambiri pa mayina a katundu okhala ndi zizindikiro monga & zomwe zimaononga XML yolumikizidwa mosasamala. Mauthenga athu ndi a Chichewa, ndipo chilembo cha ŵ chimaoneka bwinobwino popanda kukonza kalikonse.

Uthenga umatha kukhala ndi mutu, mizere yofotokoza, chithunzi ndi mabatani osapitirira asanu. Pa shopu ija ndinaikapo awiri, lina loti wogulitsa avomereze kuti waona chenjezo, lina loti katunduyo alembedwe pa mndandanda wa zokaoda. Batani likadinidwa, NotificationInvoked imafika pa thread ina, osati ya mawindo a pulogalamu, ndiye yankholo liyenera kuoloka kubwerera ku thread yoyenera mofanana ndi mmene uthenga unaolokera pochoka ku hook. Uthenga wamba umakhala pa sikirini masekondi owerengeka n'kupita ku Notification Center, malo amene Windows imasungiramo zidziwitso, kumene umatha kukhala mpaka masiku atatu. Zimenezi zinawasangalatsa mayi aja kuposa china chilichonse, chifukwa madzulo akabwera kuchokera kokaoda katundu ku Kanengo amatsegula pamenepo n'kuona machenjezo amene atuluka iwo kulibe. Uthenga wofunika kwambiri ungapatsidwe mtundu wa reminder, umene umakhalabe pa sikirini mpaka munthu ataukhudza, bola ukhale ndi batani limodzi kapena kuposerapo.

Mbali imene ndikuiyamikira kwambiri pa ntchito ya hook ndi ya Tag ndi Group. Zochitika za pansi pa system zimabwera mothithikana. Kasitomala wopikula akabwera ndi makatoni a sopo, sikana imawerenga katundu yemweyo mobwerezabwereza, ndipo pulogalamu yosaganiza ingatulutse chenjezo lomwelo pa kuwerenga kulikonse mpaka wogulitsa atatopa n'kuzimitsa zidziwitso zonse. Uthenga watsopano ukakhala ndi Tag ndi Group zofanana ndi wakale, umalowa m'malo mwa wakalewo m'malo mounjikana, ndiye ndinagwiritsa ntchito barcode ngati Tag ndipo katundu aliyense ali ndi chenjezo limodzi lokha. Windows imasunga mauthenga osapitirira 20 a pulogalamu imodzi, akale n'kumachoka atsopano akamabwera, choncho popanda Tag chenjezo lofunika la m'mawa likhoza kukankhidwa ndi machenjezo obwerezabwereza a masana. Komabe chidachi sichichepetsa chokha liwiro la mauthenga, ndipo uthenga wolowa m'malo mwa wina umatulukirabe pa sikirini. Lamulo lakuti katundu mmodzi asachenjezedwe kawiri m'kanthawi kochepa liyenera kulembedwa ndi mwini pulogalamu mu thread yogwira ntchito ija.

Zofooka zilipo, ndipo chachikulu ndi nkhani ya administrator. Kuyambira pa Windows Vista pali chitetezo chotchedwa UIPI, chimene chimaletsa pulogalamu ya mphamvu zochepa kumvetsera zimene zikulembedwa mu windo la pulogalamu ya mphamvu za administrator. Mapulogalamu ambiri akale ogulitsira, amene amalemba mafayilo awo m'malo otetezedwa, anthu amawayatsa ndi mphamvu za administrator kuti asavute. Zikatero hook ya pulogalamu wamba siimva manambala a sikana. Yankho loonekeratu ndi kuyatsanso pulogalamu ya hook ndi mphamvu zomwezo, koma malangizo a Windows App SDK amanena kuti zidziwitso za pulogalamu yoyenda ngati administrator sizithandizidwa. Ndiye mbali imodzi ikufuna mphamvu, mbali ina ikukana mphamvu, ndipo zonsezo zili m'pulogalamu imodzi. Pali njira ya uiAccess, imene imalola pulogalamu kumva makiyibodi a mawindo onse popanda kukhala administrator, koma imafuna kuti fayilo isainidwe ndi certificate yodalirika ndiponso ikhale m'malo otetezedwa monga Program Files. Certificate yogula imalipiridwa ndi ndalama zakunja, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira chinthu ndi madola ali kuno kwathu akudziwa kuti si nkhani yamasewera. Njira imene ndikuiona yoyenera ndi kugawa pulogalamu pawiri, process imodzi yamphamvu yokhala ndi hook yokha, ina yamba yotumiza zidziwitso, ziwirizo n'kumalankhulana kudzera mu named pipe, njira imene ma process awiri amatumizirana uthenga. Zimatheka ndipo zimayenda bwino, koma ntchito imene inkaoneka ya fayilo imodzi imasanduka ya mafayilo awiri ofunika kuyatsidwa, kuyang'anirana ndi kutetezana, ndipo wolemba ayenera kuwerengera zimenezi pouza kasitomala mtengo.

Chofooka chachiwiri n'chakuti Show ikayenda bwino sizitanthauza kuti munthu waona uthenga. Windows 10 ili ndi Focus Assist, ndipo pa Windows 11 pali Do not disturb, zonsezo zili ndi malamulo odziyatsa okha, mwachitsanzo pamene sikirini ikuonetsedwa pa projector, pamene munthu akusewera gemu, kapena pamene pulogalamu yadzaza sikirini yonse. Lamulo lomalizali ndi limene limakhudza mashopu, chifukwa mapulogalamu ena ogulitsira amadzaza sikirini dala kuti wogulitsa asatsegule zina. Uthenga ukatumizidwa nthawi imeneyo umapita ku Notification Center mwakachetechete. AppNotificationManager ili ndi Setting, imene imauza ngati zidziwitso zazimitsidwa pa pulogalamu yathu, pa munthu yense kapena ndi lamulo la oyang'anira makompyuta, ndipo function yakale ya SHQueryUserNotificationState imathandiza kudziwa ngati pali pulogalamu yodzaza sikirini. Zimenezi zimapereka chithunzi, koma sizipereka umboni wakuti maso a wogulitsa agwera pa chenjezo. Maganizo a Microsoft pano ndi omveka ndipo ndimawalemekeza: mwini kompyuta ndiye ayenera kusankha nthawi yosokonezedwa, osati pulogalamu iliyonse imene ikudziona yofunika. Koma wolemba pulogalamu ayenera kudziwa kuti toast ndi yodziwitsira zinthu zimene zingadikire. Katundu wotsala pang'ono kutha angadikire mpaka madzulo. Mkaka wa ana umene masiku ake adutsa kale sungadikire, ndipo pa chenjezo lotere ndinagwiritsa ntchito windo la pulogalamu yanga, lokhala pamwamba pa ena koma losalanda kiyibodi, pamodzi ndi phokoso.

Chachitatu ndi kaikidwe. Windows App SDK imayenda pa Windows 10 kuyambira mtundu wa 1809 kupita m'tsogolo ndi pa Windows 11, ndipo pulogalamu yosaikidwa mu MSIX imafuna kuti runtime yake, mafayilo a SDK amene pulogalamuyo imadalira poyenda, ikhale itaikidwa kale pa kompyutayo. Pali njira yonyamula mafayilo a SDK pamodzi ndi pulogalamu, koma mbali ya zidziwitso imadalira phukusi lina lotchedwa Singleton, choncho pulogalamu iyenera kufunsa kaye kudzera mu IsSupported isanayembekeze kuti uthenga utuluka. Kwa munthu wa ku ofesi ya ku City Centre yokhala ndi intaneti yokhazikika iyi ndi nkhani yaing'ono. Kwa shopu imene intaneti yake ndi bandulo ya pafoni ya mwini wake, runtime iyenera kubwera pa flash disk, ndipo kompyuta ikaonongeka n'kuikidwanso Windows ndi wokonza wa pamsika, pulogalamu imasiya kuyamba mpaka wina atakumbukira kuti panali china chofunika kuika. Makompyuta ambiri a m'mashopu athu anagulidwa atagwirapo kale ntchito kunja. Ena akadali pa Windows 7, imene Microsoft inasiya kuithandiza mu Januwale 2020, ndipo pamenepo chidachi sichiyenda n'komwe. Ena ali pa Windows 10, imene tsiku lake lomaliza la chithandizo chanthawi zonse linaikidwa pa 14 Okutobala 2025, ndipo ambiri mwa iwo sangakwere kupita ku Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 kapena processor yovomerezeka.

Pa makompyuta otere function yakale ya Shell_NotifyIcon ikadali ndi malo ake. Siifuna runtime iliyonse, imayenda pa Windows 7 mpaka 11, ndipo imangofuna NOTIFYICONDATA yokhala ndi NIF_INFO, mutu wosafika zilembo 64 ndi uthenga wosafika zilembo 256. Ilibe mabatani, ilibe Tag, ndipo pa Windows 11 uthenga wake ukazimiririka susungidwa mu Notification Center monga zinkachitikira pa Windows 10. Nayonso siyenera kuitanidwa m'kati mwa hook, chifukwa imalankhula ndi Explorer, pulogalamu ya Windows yoyendetsa taskbar, ndipo Explorer ikatanganidwa woitanayo amadikira. Pulogalamu yomangidwa ndi mzere pakati pa hook ndi wotumiza imatha kusankha pakati pa zida ziwirizi nthawi yoyamba, osasintha kalikonse ku mbali ya hook.

Ndiyenera kubwereranso ku nkhani ya hook yochotsedwa mwakachetechete, chifukwa ngakhale siili m'manja mwa Windows App SDK, ndi imene imagamula ngati ntchito yonse ili yodalirika. Callback yofulumira kwambiri ikhozabe kuchedwa ngati kompyuta yonse yatsamwa. Magetsi akazima n'kuyakanso, kompyuta yakale imayamba ndi mapulogalamu ambiri olimbirana hard disk imodzi, memory imadzaza, ndipo wogulitsa amene ali ndi makasitomala pamzere amayamba kuwerenga katundu kompyuta isanakhazikike. Nthawi ngati imeneyo thread ya hook ikhoza kusapatsidwa mpata msanga, ndipo hook ikhoza kuchoka popanda cholakwa chilichonse m'khodi. Pa macOS chida chofanana nacho, CGEventTap, chikazimitsidwa chifukwa chochedwa chimatumiza kCGEventTapDisabledByTimeout, ndipo pulogalamu imachiyatsanso ndi CGEventTapEnable. Windows ilibe chenjezo lotere, ndipo ndikuona kuti apa a Apple anaganiza bwino kuposa anzawo. Chimene munthu angachite ndi kukweza pang'ono priority ya thread ya hook, kuonetsetsa kuti callback siitsegula fayilo kapena kudikira lock yotalika, ndi kuika mlonda wapambali amene amachotsa hook ndi UnhookWindowsHookEx n'kuiikanso pakapita nthawi kapena akaona kuti kiyibodi ikugwira ntchito koma callback siikuitanidwa.

Pofuna mlonda wotereyu m'pamene munthu amafika pa Raw Input, imene malangizo a Microsoft amailimbikitsa kuti igwiritsidwe ntchito m'malo mwa hook pa ntchito zambiri. Pulogalamu ikaitana RegisterRawInputDevices ndi RIDEV_INPUTSINK imalandira WM_INPUT ngakhale windo lake lisali patsogolo, ndipo mauthengawo amabwera mumzere wamba, osaimitsa batani la munthu panjira, choncho palibe malire a nthawi owopseza. Kuposa apo, uthenga uliwonse umanena chipangizo chimene wachokera, ndiye sikana imasiyanitsidwa ndi kiyibodi mosakayika, pamene hook imangoyerekeza poona kufulumira kwa manambala. Chimene Raw Input siingathe ndi kuletsa batani kuti lisafike ku pulogalamu ina. Pa shopu ija hook inatsala pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti katundu wodutsa masiku aimitsidwe asanalowe pa lisiti, ndipo ngakhale apo callback imayang'ana kamndandanda kakang'ono kokonzedwa kale mu memory, osati database. Amene akufuna kungomva ndi kudziwitsa, popanda kuletsa kanthu, ayambe ndi Raw Input, ndipo AppNotificationManager imagwirizana nayo mosavuta kwambiri.

Pali mfundo ina imene wolemba mapulogalamu woona mtima sangailumphe. Hook ya kiyibodi imamva chilichonse, kuphatikizapo password ya wogulitsa ndi nambala ya foni ya kasitomala wolipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo khodi yake imafanana kwambiri ndi ya mapulogalamu akuba otchedwa keylogger, n'chifukwa chake antivirus imatha kuikayikira. Dziko lathu lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 ndi la Data Protection Act la 2024, ndipo ngakhale malamulowa akanapanda kukhalapo, ulemu wokha ukanatiuza kuti ogwira ntchito adziwitsidwe kuti pakompyuta pali pulogalamu yomvetsera, kuti zosachokera ku sikana zitayidwe nthawi yomweyo osalembedwa paliponse, ndiponso kuti m'mauthenga musalowe chinsinsi cha munthu. Mfundo yomalizayi ikukhudza chidachi mwachindunji, popeza uthenga umene umakhala mu Notification Center masiku atatu ungawerengedwe ndi aliyense wokhala pa mpando umenewo, ndipo Windows imatha kuonetsa zidziwitso ngakhale pa lock screen ngati mwini wake sanazimitse zimenezo.

Anzanga amene akulemba mapulogalamu a maofesi okhala ndi Windows 11 kapena Windows 10 yosamalidwa bwino, momwe mapulogalamu sayatsidwa ndi mphamvu za administrator, ndikuwalangiza kuti atenge AppNotificationManager mosakayika, chifukwa mabatani ake, Tag ndi kusungidwa kwa mauthenga n'zimene Shell_NotifyIcon siingapereke, ndipo kulembetsa kwake n'kopepuka kuposa njira zonse zimene zinalipo kale. Amene akulembera mashopu a ku Old Town, Kawale kapena Mchesi ayambe apita kukaona kompyuta yeniyeniyo asanalonjeze kanthu. Aone mtundu wa Windows polemba winver, aone ngati pulogalamu yogulitsira imapempha mphamvu za administrator poyamba, aone ngati imadzaza sikirini yonse, ndipo ayese pulogalamu yawo kompyutayo itangoyaka kumene, hard disk ikadali yotanganidwa, sikana ikuwerenga katoni yathunthu ya katundu motsatizana.